Ndani anaphunzitsa anamwino kusamala odwala maganizo? Mbiri yake, kuchokera kunja kufika ku Zomba ndi kwathu ku Mulanje

Ndinali Fomu 2 chaka chimene amalume anga anamangidwa pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ya agogo. Sanabe kanthu. Anali munthu wofatsa, wotchola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi kwathu, amene tsiku lililonse ankanyamuka kusanache. Kenaka anayamba kusagona. Usiku wonse ankazungulira pabwalo, kuyankha anthu amene ife sitinkawaona, ndipo tsiku lina anathyola chitseko akuti m'nyumbamo mwabisala anthu ofuna kuwapha. Abale anayesa kwa sing'anga, anayesa kumapemphero, ndipo zitakanika anatenga chingwe cha mbuzi.

Pa tsiku lachitatu kunabwera namwino wina amene amayi anakamudandaulira kuchipatala. Chimene sindiiwala n'chakuti iye sanaime patali ngati ife tonse. Anapempha mpando, n'kukhala chakumbali kwa amalume, n'kuwapatsa moni monga mmene mungapatsire moni bambo aliyense pamsika wa Chitakale.

“Mwadzuka bwanji bambo? Ndamva kuti masiku ano tulo sitikubwera.”

Anacheza nawo mwina theka la ola. Kenaka anawafotokozera kuti akufuna kuwabaya jakisoni woti apumuleko, anawamasula manja, ndipo madzulo ake amalume anakwera galimoto okha, popanda wowakoka. Anakakhala miyezi iwiri ku Zomba.

Ine ndinatsala ndi funso. Ife tinali abale awo, tinkawakonda, koma nzeru yathu inathera pa chingwe. Mlendo uja anachita kubadwa wolimba mtima? Kapena pali amene anamuphunzitsa? Patapita zaka ndinalowa sukulu ya unamwino, ndipo ndinapeza yankho: anachita kuphunzira. Kukhala chakumbali, kutsitsa mawu, kumuuza munthu chimene ukufuna kumuchita usanamugwire, zonsezo zili m'maphunziro, ndipo amafunsa pamayeso. Koma sizinali choncho kuyambira kale. Lero tiyeni tione mmene maphunziro amenewa anayambira.

Poyamba kunali alonda

Zaka 250 zapitazo ku Ulaya, munthu wodwala maganizo akavuta ankatsekeredwa m'nyumba zazikulu zokhala ngati ndende. Amene ankamuyang'anira sanali namwino. Anali mlonda, wolembedwa ntchito chifukwa cha mphamvu za m'manja basi. Zipangizo zake zinali makiyi, unyolo ndi ndodo. Ku Bethlem, chipatala chakalekale cha mu London, anthu ankabwera kudzaonerera odwala ngati mmene ana amaonerera nyama zakutchire, mpaka mchitidwewu unaletsedwa mu 1770.

Kusintha kunayamba ndi anthu amene ankakhala pafupi ndi odwalawo tsiku ndi tsiku. Ku Paris, pachipatala cha Bicêtre, kunali bambo wina dzina lake Jean-Baptiste Pussin. Iyeyu anafika pamenepo ngati wodwala matenda a m'thupi, atachira analembedwa ntchito, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo woyang'anira wodi ya odwala maganizo. Pussin analetsa antchito ake kumenya odwala, ndipo ankalemba zimene ankaona kwa wodwala aliyense. Dokotala Philippe Pinel atafika ku Bicêtre mu 1793 anaphunzira zambiri kwa munthu ameneyu, yemwe sanali dokotala n'komwe. Mu 1797 Pussin anachotsa maunyolo m'wodi yake. Ambiri ankayembekezera chipwirikiti, koma odwala ochuluka anafatsa. Zinaoneka kuti mbali ina ya ukali umene anthu ankauopa inkabwera ndi unyolo womwewo.

Ku England nako, William Tuke, amene ntchito yake inali yogulitsa tiyi ndi khofi, anatsegula nyumba yotchedwa The Retreat mumzinda wa York mu 1796. Kumeneko odwala ankadya patebulo, kulima m'dimba, kusoka, ndi kuitanidwa ndi mayina awo. Apa panabuka vuto latsopano: ngati sitikufunanso mlonda wa ndodo, ndiye tikufuna munthu wotani? Mtima wabwino pawokha sukwanira pamene munthu sanagone masiku asanu ndipo akumva mawu omuopseza. Panafunika sukulu.

Sukulu mkati mwa chipatala

Mwina munamvapo za Florence Nightingale, amene anatsegula sukulu ya anamwino pachipatala cha St Thomas' ku London mu 1860. Sukulu imeneyo inkaphunzitsa kusamala zilonda, malungo ndi matenda ena a m'thupi. Za odwala maganizo zinadikira zaka zina zoposa 20.

Mu 1882, pachipatala cha McLean pafupi ndi Boston ku America, dokotala Edward Cowles anatsegula sukulu yoyamba ya anamwino mkati mwa chipatala cha odwala maganizo. Maphunziro ake anali a zaka ziwiri, ndipo ankalandira akazi ndi amuna omwe, chinthu chimene chinali chachilendo nthawi imeneyo. Linda Richards, amene amadziwika kuti ndi namwino woyamba kumaliza maphunziro a unamwino ku America, anathera zaka zomaliza za ntchito yake akukhazikitsa sukulu ngati zimenezi m'zipatala zingapo za odwala maganizo.

Ku Britain, mu 1885, madokotala a ku Scotland a m'bungwe la Medico-Psychological Association analemba kabuku kophunzitsira osamala odwala maganizo. Chifukwa cha chikuto chake chofiira, anthu ankangokatchula kuti Red Handbook. Mu 1891 bungwe lomwelo linayamba kulembetsa mayeso a dziko lonse, ndipo wokhoza ankalandira satifiketi. Tangoganizani: munthu amene dzulo ankatchedwa mlonda, lero akukhala pansi kuphunzira mmene ubongo unapangidwira, mmene angadyetsere wodwala wokana chakudya, ndi mmene angalembere lipoti la usiku. Mu 1913 sukulu ya anamwino ya Johns Hopkins, motsogozedwa ndi Effie Taylor pambali imeneyi, inaika phunziro la matenda a maganizo m'maphunziro a namwino aliyense, osati okhawo ofuna kukagwira ntchito kuzipatala zapadera. Lingaliro limenelo ndi lomwe tikutsata kuno mpaka lero.

Komabe ndisakunamizeni kuti zonse zinali bwino. Zipatala zimenezi zinali ndi odwala mazanamazana, zina masauzande, ndipo antchito anali ochepa. Ophunzira ankagona pachipatala pomwepo, kugwira ntchito maola ochuluka, kukolopa, kuchapa, kuwerenga mipeni ndi mafoloko odwala akamaliza kudya, kenaka n'kupita m'kalasi atatopa kale. Kwa eni zipatala ambiri, wophunzira anali wantchito wotsika mtengo. Ndipo ngakhale wophunzira wanzeru chotani analibe mankhwala enieni oti apereke. Ankatha kusamala, koma kuchiza kunali patali.

Zinthu ziwiri za mu 1952

Chaka cha 1952 muchisunge, chifukwa munachitika zinthu ziwiri zimene zinasintha ntchito ya namwino wa odwala maganizo.

Choyamba ndi mankhwala. Pachipatala cha Sainte-Anne ku Paris, madokotala Jean Delay ndi Pierre Deniker anayesa mankhwala atsopano otchedwa chlorpromazine kwa odwala amene ankamva mawu ndi kuona zinthu zomwe palibe. Ambiri anadekha, n'kuyambanso kucheza bwinobwino. Mankhwala amenewa alipobe m'zipatala zathu, ndipo anamwino amangowatchula kuti CPZ.

Amagwira bwanji ntchito? Ubongo wanu uli ndi maselo otchedwa ma neuron pafupifupi 86 biliyoni. Maselowa sagundana kwenikweni. Pakati pa selo ndi linzake pali kampata kakang'ono kwambiri, ndipo uthenga umawoloka kampatako utanyamulidwa ndi timadzi tapadera. Ena mwa timadziti ndi dopamine. Selo lolandira uthenga lili ndi timalo tolandirira dopamine, tokhala ngati loko amene amatseguka ndi kiyi wake yekha. Pa matenda ngati a amalume, m'mbali ina ya ubongo dopamine amagwira ntchito mopyola muyezo, ndipo ubongo umayamba kuona tanthauzo lalikulu pa zinthu wamba: anthu awiri akuseka pamsewu, wodwala n'kukhulupirira kuti akupangana zomupha. Chlorpromazine amatseka ena mwa malokowo, phokoso lija n'kuchepa. Wasayansi wa ku Sweden, Arvid Carlsson, ndi amene anathandiza kwambiri kuunikira zimenezi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2000.

Chachiwiri ndi buku. Namwino wa ku America, Hildegard Peplau, anatulutsa buku lotchedwa Interpersonal Relations in Nursing. Mfundo yake inali yakuti ubale wa namwino ndi wodwala nawonso ndi chithandizo, ndipo ukhoza kuphunzitsidwa ngati mmene amaphunzitsira kubaya jakisoni. Ophunzira ake ankacheza ndi wodwala, kenaka n'kulemba zonse m'kope: wodwala anati chiyani, ine ndinayankha chiyani, ndinamva bwanji mumtima. Mphunzitsi ankawerenga, n'kufunsa kuti, apa munthuyu amafuna kukuuza za mantha ake, iwe unasinthiranji nkhani? Namwino uja amene anakhala chakumbali kwa amalume anga anali mdzukulu wa maphunziro amenewa, ngakhale Peplau sanapondepo ku Mulanje.

Nanga kuno kwathu?

Makolo athu anali ndi njira zawo zosamalira munthu wosokonezeka mutu, ndipo nthawi zambiri ankakhala pakati pa abale ake. Boma la atsamunda litabwera, linkaona munthu wotere ngati vuto la chitetezo. Mu 1910 ku Zomba, komwe kunali likulu la Nyasaland, anapatula malo osungirako odwala maganizo, ndipo malowo anali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba. Oyang'anira anali a ndende. Choncho pamene ku Britain osamala odwala anali atalemba kale mayeso kwa zaka pafupifupi 20, kuno tinayambira pa makiyi.

Mu 1936 madokotala awiri, H. M. Shelley ndi W. H. Watson, anafalitsa kafukufuku wokhudza odwala a kumalo amenewa. Katswiri wa mbiri yakale, Megan Vaughan, analembanso za malowa mu 1983, ndipo zolemba zake zimaonetsa kuti kwa zaka zambiri ntchito yaikulu kumeneko inali kusunga anthu, osati kuwachiza. Mu 1948 kunakhazikitsidwa lamulo la Mental Treatment Act, ndipo mu 1953 chinatsegulidwa chipatala chimene lero timachitcha Zomba Mental Hospital, kapena kungoti “ku Mental”. Onani mmene zaka zinagwirizanirana: chipatala chathu chinatsegulidwa patangopita chaka chimodzi chlorpromazine atayesedwa ku Paris.

Malawi atalandira ufulu mu 1964, maphunziro a unamwino anayamba kukhazikika. Mu 1965 ku Blantyre kunatsegulidwa National School of Nursing, imene mu 1979 inasanduka Kamuzu College of Nursing. Mu 1966 kunabwera bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe limavomereza maphunziro, kulembetsa mayeso omaliza ndi kupereka chilolezo chogwirira ntchito. Ku Zomba, sukulu ya anamwino imene lero ndi nthambi ya Malawi College of Health Sciences yakhala ikupereka maphunziro owonjezera a matenda a maganizo kwa anamwino amene anayamba kale ntchito. Ambiri mwa anamwino amene anayendetsa makiliniki a odwala maganizo m'maboma anadutsa kumeneko.

Kumpoto, a chipani cha Katolika cha St John of God anafika ku Mzuzu mu 1993, n'kuyambitsa chithandizo cha odwala maganizo, ndipo pambuyo pake anatsegula koleji imene imapereka digiri ya unamwino wa matenda amenewa. Ku Lilongwe kunali wodi ya odwala maganizo ku Bwaila. Mu 2021 Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Chifukwa chiyani ndikuchulutsa za anamwino, osati madokotala? Chifukwa kuno madokotala a matenda a maganizo akhala ochepa kwambiri. Panali nthawi, m'zaka za m'ma 2000, pamene Dr Felix Kauye anali yekha dokotala wa matenda amenewa m'boma, dziko lonseli. Ndiye munthu wa ku Muloza kapena ku Chambe akadwala, amene amayamba kumuona, kumupatsa mankhwala ndi kumutsatira mwezi ndi mwezi ndi namwino kapena clinical officer. Ntchito imene kumayiko ena imagwiridwa ndi dokotala, kuno yasenzedwa ndi anamwino.

Masabata anga ku Zomba

Wophunzira unamwino sangamalize osagwirapo ntchito pakati pa odwala maganizo. Nthawi yathu itakwana tinakwera minibasi, kudzera msewu wa Midima mpaka Limbe, kenaka Zomba. M'galimoto anzanga ankaseka, kuopsezana kuti ena sabwerako ndi mano onse. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za chingwe cha mbuzi chija.

Tsiku loyamba ndinadabwa ndi bata. Inde, analipo ena ofuula, makamaka amene anangofika kumene. Koma ambiri anali kuwothera dzuwa, ena kusewera bawo, ena kufunsa kuti abale awo abwera liti. Namwino wamkulu wa m'wodi yathu, mayi wachikulire amene tonse tinkangowatchula kuti a Sisitala, anatipatsa malamulo atatu: dziwa pamene pali khomo, usamunamize wodwala, ndipo lemba chimene waona, osati chimene ukuganiza.

Anatiphunzitsa kuyeza maganizo a munthu mwadongosolo, monga mmene mumachitira pa practical ya Biology. Umayamba ndi maonekedwe: wasamba, wavala bwanji, akukhazikika kapena akungoyendayenda? Kenaka malankhulidwe: akufulumira, akuchedwa, nkhani zake zikulumikizana? Kenaka mmene akumvera mumtima, zimene akuganiza, ngati akumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona, ngati akudziwa tsiku ndi malo amene ali, ndiponso ngati iye mwini akuzindikira kuti akudwala. Umafunsanso mosabisa ngati anaganizapo zodzipha. Ambiri amaopa funso limeneli, akuti umupatsa maganizo. Ayi. Kufunsa kumatsegula khomo loti munthu athandizidwe.

Lamulo lachitatu lija ndinaliphwanya sabata yachiwiri. Panali mnyamata wina, wamkulu pang'ono kuposa inu a Fomu 4, amene anali atangoyamba kumwa mankhwala. Tsiku limenelo sanadye nsima, anangokhala chiwumire, khosi litapindikira kumbali, malovu akutuluka, ndikamulankhula osayankha bwino. Ine ndinalemba m'kope kuti, “Wodwala wachita mwano, wakana kudya.”

A Sisitala atawerenga anandiitana.

“Mwana wanga, mwanowo wauona ndi maso ati?”

“Sanandiyankhe, a Sisitala.”

“Tiye ukamugwire dzanja, ulipinde pachigongono, undiuze chimene umve.”

Dzanja linali lolimba ngati nthambi. Nsagwada nazo zinali zitauma. Mnyamatayo sankakana kudya, ankalephera kutafuna. Mukukumbukira dopamine uja? Kupatula nkhani ya maganizo, dopamine amathandizanso mbali ya ubongo imene imayendetsa minofu. Mankhwala ngati chlorpromazine ndi haloperidol akatseka maloko ambiri kumbali imeneyo, munthu amauma thupi, kunjenjemera manja, kapena kupindika khosi. Anamupatsa mankhwala othetsa vutoli, dokotala anaunikanso mlingo wa mankhwala ake, ndipo tsiku lotsatira ndinamupeza akudya phala. Atayamba kulankhula bwino anandiuza kuti, “Achemwali, dzulo ndimafuna kukuuzani koma lilime limakana.” Ndinachita manyazi kwambiri. Mawu amodzi olakwika m'kope akanachititsa kuti munthu wovutika ndi mankhwala aziwerengedwa ngati wovuta.

Phunziro lina ndinalipeza nditabwerera kuchipatala wamba. Si aliyense wobwebweta amene ali ndi matenda a maganizo. Malungo akafika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, shuga akatsika kwambiri m'magazi, kapena munthu womwa mowa kwambiri akasiya mwadzidzidzi, amatha kusokonezeka, kuona zinthu, ngakhale kumenya anthu. N'chifukwa chake namwino wophunzira bwino amayamba ndi kuyeza kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi malungo. Mwana wa malungo a mu ubongo mukamumanga pamtengo kudikira kuti “mizimu ichoke”, mawa lake mukhoza kumutaya. Khunyu nalo ndi matenda a ubongo, si misala, silipatsirana pogwira malovu a wodwala, ndipo mankhwala ake monga phenobarbitone ndi carbamazepine amaperekedwa m'makiliniki omwewa.

Chipatala chikubwera kumudzi

Kale maganizo anali akuti wodwala achotsedwe pakati pa anthu, apite kutali. Masiku ano maphunziro akulowera kwina. Dokotala wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, anaonetsa kale mu 1954 ku Aro, pafupi ndi Abeokuta, kuti odwala akhoza kukhala m'midzi pamodzi ndi abale awo, n'kumalandira chithandizo masana. Zomba Mental ili ndi mabedi mazana ochepa chabe, pamene Amalawi tinapitirira 17 miliyoni pakalembera wa 2018. Sizingatheke kuti aliyense apite ku Zomba, ndipo ambiri safunikira n'komwe kugonekedwa.

N'chifukwa chake m'zipatala za maboma, kuphatikizapo kwathu kuno, mumakhala anamwino oona za matenda a maganizo, amene amayenderanso zipatala zazing'ono zakumidzi. Amalume anga sanabwererenso ku Zomba. Mwezi uliwonse amapita kukabayitsa jakisoni amene amalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa masabata angapo, kuti asamavutike kukumbukira mapiritsi tsiku lililonse.

Ife a ku Mulanje tinaona kufunika kwa ntchito imeneyi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri, n'kukokolola midzi kuno ndi ku Phalombe. Madzi ataphwa, mabala a pathupi anapola, koma anthu ambiri anatsala ndi mabala osaoneka: kulota madzi usiku uliwonse, kunjenjemera mvula ikangoyamba kugunda pa malata, kusafuna kulankhula ndi munthu. Mwina ena mwa inu mukudziwa zimene ndikunena. Zimenezi zili ndi dzina m'mabuku athu, zili ndi chithandizo, ndipo si kufooka. Namwino amene anaphunzira kumvetsera ndi amene amazitulukira, ngakhale munthu atabwera akungoti mutu ukundipweteka. Chimodzimodzi mzamba: mayi amene wangobereka kumene akasiya kugona, kumangolira kapena kuopa mwana wake, mzamba wophunzira amadziwa kuti awa ndi matenda ofuna chithandizo msanga, osati ulesi kapena ufiti.

Ndipo poti tikulankhula ndi achinyamata, ndinene za chamba. M'wodi ya amuna ndinapezamo anyamata ambiri amene matenda awo anayamba kapena kukula atayamba kusuta. Si aliyense wosuta amene amadwala, koma ubongo wa munthu umapitirira kukula mpaka zaka za m'ma 20, ndipo woyamba kusuta ali wamng'ono, kapena amene kubanja kwawo kuli kale matendawa, amadziika pangozi yaikulu. Vuto n'lakuti palibe amene amadziwiratu kuti iye ali mbali iti.

Ngati ntchitoyi yakusangalatsani

Njira yake imayambira pa desiki pamene mwakhalapo. Makoleji a unamwino amayang'ana kwambiri ma credit a MSCE mu Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Zofunika zenizeni zimalengezedwa chaka chilichonse, ndiye muzifunsa aphunzitsi anu ndi kuwerenga zolengezazo nokha. Simufunika kupita kutali kuti muone koleji yotere: pa Mulanje Mission pali koleji ya unamwino ndi uzamba, ndipo kwa aneba athu ku Phalombe kuli ya Holy Family. Zonse ziwiri zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Ukamaliza unamwino wamba ndi kugwirako ntchito, ukhoza kupitiriza maphunziro apadera a matenda a maganizo. Anyamata, musati iyi ndi ntchito ya atsikana. Kumbukirani kuti sukulu ya McLean ija inkalandira amuna kalekale m'zaka za m'ma 1880, ndipo m'mawodi athu anamwino aamuna amafunika kwambiri.

Koma ngakhale amene mukufuna kudzakhala ma injiniya kapena aphunzitsi, pali zimene mungatengepo lero. Mnzanu akasintha mwadzidzidzi, wasiya kugona, akudzipatula, akulankhula zosamveka kapena zofuna kufa, musamuseke ndipo musamujambule pafoni. Khalani naye pansi, mumufunse modekha, ndipo muuze mphunzitsi, matroni kapena kholo tsiku lomwelo kuti apite naye kuchipatala. Ngati watentha thupi kapena akukomoka, musadikire n'komwe kuti kuche. Ndipo mawu akuti “wamisala” tiwasiye. Munthu wa malungo sitimutcha “wamalungo” moyo wake wonse.

Amalume anga pano ali ndi dimba la nanazi, ndipo nthawi ya zokolola amagulitsa m'mbali mwa msewu. Tsiku lina ndili patchuthi ndinawafunsa ngati amakumbukira masiku atatu aja a pamtengo. Anati zambiri zinafufutika, koma chimodzi amachikumbukira bwino: pa anthu onse amene anabwera kudzawaona, namwino uja yekha ndi amene anawapatsa moni.

Sabata yamawa tidzakambirana za khunyu: chimachitika n'chiyani mu ubongo munthu akamagwa, ndipo muyenera kuchita chiyani mnzanu akagwa m'kalasi. Ngati muli ndi funso pa nkhani ya lero, lilembeni, tidzayambira pamenepo.